Mwala Womera M'paipi

Ndine Fulgencio, pulambala wa ku Totana.
Zaka makumi atatu ndi chimodzi ndakhala ndikugwada
pansi pa masinki a eni.
Mawondo angawa akudziwa makhitchini ambiri
kuposa machimo amene wansembe wathu anamvapo.

Kuno madzi sabwera okha,
amabwera ndi phiri m'mimba.
Amanyambita njereza m'matanthwe usiku ndi usana,
n'kutulukira pampopi ali oyera, nkhope yosalakwa.
Alekeni agone m'paipi chaka, zaka ziwiri,
mudzapeza mlendo wamanga yake nyumba
m'kati mwa nyumba yanu.

Lolemba ndinali kwa mayi Remedios.
Shawa yawo ya timabowo makumi asanu
yatsala ndi tinayi totuluka madzi,
kamodzi kolasa kudenga, kena kolasa m'diso.
Akuti, "Fulgencio, ndimasamba ngati ndikupemphetsa."
Sopo wakana thovu,
angoyandama ngati mkaka wosasa.
Thaulo likauma limaima lokha, kukhakhala ngati khungwa,
ndipo diresi lakuda lolirira amuna awo
latuwa iwo asanamalize kulira.

Lachiwiri, kwa Ginés wogulitsa khofi pakona.
Makina ake akutsokomola ngati nkhalamba m'mawa,
matambula onse achita ng'ala.
Apukute, apukutenso, mawanga ali pompo.
Wogula amakweza tambula kudzuwa,
saiyankhula nkhaniyo, mawa lake sabweranso.

Onofre ndi Fuensanta ndiye anandimvetsa chisoni.
Makina ochapira anawatenga pangongole,
afa ngongoleyo ikadali ndi mano.
Nditasolola chitsulo chotenthetsera madzi
ndinachipeza chitavala jekete lamwala,
ndinachita kugogoda ndi sipanala kuti chivule.
Khanda lawo likudzikanda m'khosi,
iwo kukwera masitepe makumi asanu ndi limodzi
ndi zigubu za madzi ogula, ziwiri uku, ziwiri uku,
zala zitachita mizere yofiira.
Ndinawalipiritsa theka. Mkazi wanga asamve.

Mankhwala ake ndimauza aliyense, sindibisa:
viniga, kapena mandimu a m'minda yathu yomweyi.
Nthaka imodzimodzi kubala nthenda ndi mtela!
Thirani, tcherani khutu,
mumva mwala ukusisima, ukuti fwaa.
Koma ukangopita mwezi wabwerera,
mwakachetechete, ngati wobwereka mchere.

M'galaja mwanga muli shelefu ya mapaipi odula,
iliyonse ndinailemba dzina la msewu wake.
Ina chala chachikulu chinkalowa bwinobwino,
lero ngakhale mtengo wa machesi ukukanika.
Sinditukwana ayi.
Mwala umenewu ndi umene wandidyetsa,
ndi umene unaphunzitsa mwana wanga Milagros
mpaka kukavala chipewa ku Murcia.

Ndiye mwezi wathawu dokotala
anandionetsa chithunzi cha mtima wanga.
Ndinaseka mpaka namwino anasuzumira.
Mitsempha iwiri, njira yatsala kangachepe,
ntchito yoti ndikanailipiritsa bwino ndithu.
Ndinati, "Ndi madzi, eti?"
Iye osakweza n'komwe mutu:
"Madzi alibe mlandu, bambo.
Ndi fodya, ndi soseji ya nkhumba ya m'mawa uliwonse."
Zinandiwawa.
Ndinkafuna likhale phiri.
Phiri sungaliuze kuti lisiye.

Madzulo amenewo ndinatsegula mpopi wa kukhitchini kwathu.
Madzi anatuluka ngati ulusi.
Virtudes ataima kumbuyo kwanga, manja m'chiuno:
"Chaka chachitatu chino ndikukuuza."
Sindinayankhe.
Ndinatenga sipanala ndi botolo la viniga,
ndinagwada pang'onopang'ono, bondo lamanzere poyamba,
n'kulowetsa mutu mumdima wa pansi pa sinki,
m'mene munkamveka mapaipi awiri,
ya nyumba ndi yanga,
iliyonse ikukankha zimene ingathe
kudzera pa kampata kotsala.