Misomali ya ku Elswick

Nkhungu ikamakwera mtsinje wa Tyne m'mamawa
imandipeza ndafika kale pachipata,
zala zili gwa ndi chisanu,
buledi ndi kachidutswa ka tchizi m'thumba la jekete.

Zaka zitatu ndinakhala manja lende,
madoko ali zii,
ana akugonera fungo la mphika wa aneba.
Ndiye atati kwabwera oda ya akasinja
sindinafunse kuti akukaponda munda wa yani.

Ndi tating'ono, musanamizidwe.
Munthu wamtali ngati Heslop amalowamo chopinda
ngati mpeni wa m'thumba.
Asilikali athu omwe anatiyang'ana, natizungulira kawiri,
nkupukusa mitu.
Tinasanduka mwana wokanidwa pakhomo
wokaleredwa kwa alendo.

Alendowo ankabwera ndi zipewa zachilendo,
womasulira ali pambuyo ngati mthunzi.
Wina anagogoda chitsulo ndi mphete yake,
natchera khutu monga wogula chivwende.
Ine ndinali pansi pake, nyundo m'manja,
sanandione.

Msomali umabwera uli psuu,
mnyamata Alfie amauponya, ndimauwakha m'chitini,
ndimaukhoma usanazizire.
Mazana angati pa kasinja mmodzi?
Funsani khutu langa lamanzere,
linasiya kuwerenga chaka chatha.

Pamabokosi ankalemba ndi choko:
Siam. Poland. Bolivia.
Mwana wanga Winnie anandisonyeza pamapu a kusukulu,
kadontho kopanda nyanja,
kachala kake kanakaphimba konse.

Kenako kunabwera kalata.
Kapitawo Dunn anaiwerenga mokuwa
poti tonse ndife agonthi:
akuti kumeneko, m'tchire la minga lotchedwa Chaco,
chitsulo chathu chimatentha osagwirika,
anyamata amakomoka m'kati mfuti isanalire,
amamenya nkhondo zitseko zili pululu
kuti apeze kamphepo,
ndipo zipolopolo zimalowera pomwepo.

Heslop anaseka. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, anatero.
Tinaseka naye, pang'ono.

Usiku womwewo ndinadzuka kukamwa madzi.
Pampopi anali ozizira mpaka kupweteka mano.
Ndinaima ndi kapu m'manja
nkumaganiza za mnyamata amene sindimudziwa dzina,
tsaya lake litatsamira msomali wanga
wachitatu kuchokera pakona,
uja ndinaukhoma mokhota Lachisanu
ndikuthamangira malipiro.

Ndinaukhoma bwino kuti mvula isalowe.
Palibe anandiuza kuti kuli dziko
lomwe munthu angapemphere kuti denga lidonthe.

M'mawa Dunn anati kwabwera oda ina,
ya dziko la chipale chofewa ulendo uno.
Akufuna chitsulo chomwecho, misomali yomweyo.

Alfie wakoleza kale moto.
Winnie akufunika nsapato.
Ndamanga mpango m'khosi, ndagwada pansi pa kasinja,
ndatchera chitini.
Ponya, mwana iwe,
usanazizire.