Wa Zokuzira Mawu

Ntchito yanga ndi kachitsulo kozungulira aka,
kokweza ndi kutsitsa mawu.
Ndimakhala kuseri kwa nsanja, pa kreti ya fanta,
nthambo zitandizinga miyendo ngati mizu ya kachere.

Lachiwiri, mu holo ya ku Gymkhana,
pamaso pa abusa, mashehe ndi a mabungwe,
a Namatapa anandinong'oneza:
"Ziyaya, tsitsako. Lero tiyankhule ngati anthu."
Ndinatsitsa.
Anati ndale si nkhondo.
Anati wotsutsa naye ndi mwana wa mayi,
dzanja lili pamtima,
wojambula atagwada kuti nkhope ituluke yofatsa.
Mawu awo anayenda ngati Likangala mu Okutobala,
osagubuduza ngakhale kamwala.

Loweruka ku Chinamwali, fumbi lili koboo,
jekete atavula, malaya atapinda,
anandikodola ndi chibwano: kweza!
Ndinakweza mpaka sipika inalira ngati nkhumba yomangidwa pa njinga.
Mwana wa mayi uja anali atasanduka njoka.
"Akaponda kuno, mukudziwa chochita."
Anyamata anadziwadi.
Madzulo njinga ya kabaza ya Sumani
inapezeka m'ngalande, mawilo atapindika.
Mlandu wake: malaya a mtundu wolakwika
omwe anawalandira ulere, osafunsa n'komwe.

Lolemba pa wailesi:
"Ine? Sindinanenepo zimenezo.
Mwina zokuzira mawu zinali ndi vuto."

Ndinali ndikumwa tiyi pa Mpondabwino.
Sikono inandiima pakhosi.
Zida zanga zilibe vuto, bwana.
Ndinazigula ndi ngongole ya banki m'khonde,
ndimazipukuta ndi chitenje cha mkazi wanga.
Zimatulutsa chomwe mwalowetsa.

Koma ndisadziyeretse.
Dzanja lomwe linakweza ndi lomweli.
Envulopu ndinalandira,
ndinaiwerenga kawiri kuseri kwa lole,
ndipo fizi ya mwana ku Masongola inalipidwa.
Sumani ndikakumana naye ndimayang'ana kuphiri
ngati kuti Chawe wasamuka usiku.

Chithunzi chawo chili pa mtengo pafupi ndi depoti.
Akumwetulira mwa muyezo, mano osaoneka onse,
pansi palembedwa: Munthu Wodekha.
Mvula ya dzulo yamatula ngodya imodzi,
ndiye kunsi kukusuzumira china
cha zaka zisanu zapitazo:
munthu yemweyo, nsalu ya chipani china,
chibakera m'mwamba.
Amayi ogulitsa masuku pansi pake
saweramuka n'komwe.

Mawa m'mawa tili ku tchalitchi,
masana ku Jali.
Batire ndatchaja, nthambo ndakulunga.
Tulo tokha ndi tomwe takana.
Ndikungodzifunsa mumdima muno:
tsiku lina ndikadzasiya kachitsulo aka pakati,
osakweza, osatsitsa,
n'kupinda manja,
kodi mu sipikamo mudzatuluka mawu a ndani?