Msempha wa Mwala

Chitsulo choweruka chikalira
ana zana limodzi amakhuthuka pakhomo
ngati madzi a m'ngalande za Bangwe mvula ikagwa.
Otsala ndi asanu ndi awiri.
Amenewo ndi anga mpaka dzuwa lipendeke.

Ndaziona amakhala pazenera lopanda galasi.
Chaka chachitatu mu Sitandade 3,
yunifolomu inamuthawa m'mawondo kalekale.
Powerenga pamodzi, mawu ake amaposa a onse,
tsamba lonse analimeza ngati nyimbo ya kutchalitchi,
koma chala chake chimayenda pamzere wina.
Chalacho ndinachiona Lachiwiri lina.
Sindinanene kanthu.

Ndinalemba pabolodi: chimanga.
Anaima patali
monga aimira munthu pageti pali galu wa eni.
"Atalika, madamu."

Tinawomba m'manja katatu.
Tinandandalika zitsekerero za mabotolo pasimenti,
chilichonse ndi phatikizo lake.
Anawomba nawo, anaseka nawo,
kutacha zonse zinali zitauluka.
Sabata ziwiri ndinatunga madzi ndi dengu.

Tsiku lina ndinafunsa za chikhadabo chake chakuda.
"Hamala, madamu.
Loweruka ndimathandiza amayi kuswa miyala
m'mbali mwa msewu, m'munsi mwa phiri."
Ndinati, iwe kamwana, manja ngati mapesi,
chimwala chonsecho umachitha bwanji?

Anandiyang'ana ngati wobwereza kalasi ndine.
"Simumenya paliponse ayi.
Mumayamba mwautembenuza, mufune msempha.
Mukamenya pamsempha, umadziswekera wokha."

Zaka khumi ndi zinayi ndikudya fumbi la choko,
sindinamvepo phunziro lotere.

Ndinamupatsa choko.
Mawunso ali ndi misempha, mwanawe.
Pamene pakamwa patseguka,
pa a, pa e, pa i, pa o, pa u,
pamenepo menya.

Anagwira choko ngati mpini,
lilime lili pakona ya mlomo.
Khwa! mzere pambuyo pa chi.
Khwa! mzere pambuyo pa ma.
Choko chinathyoka, theka n'kugubuduka pansi pa desiki.
Chi. Ma.
Anapuma.
Nga.
Kenaka anatola zidutswazo, n'kuziunjika pamodzi,
n'kunena motsitsa, ngati akuopa kuti zimwazika:
chimanga.
"Chimanga chomwechi, madamu? Chakudyachi?"
Chomwecho.

Musaganize kuti phiri linagwa tsiku limenelo.
Ntchentche inatizunza sabata yathunthu,
ankafuna kulekanitsa n ndi tch
ine n'kumati awa ndi apachibale, amadyera mbale imodzi.
Kankhwazule ka pa ng'ombe ankati ndi kachitsotso,
mpaka anakapukuta ndi malovu.
Sitaubi, wa kumbuyo uja, akadali pa ba ndi da,
mimba ya chilembo imamutembenukira usiku uliwonse.
Awiri anasiya kubwera nyengo ya mango.
Pa fomu ya ahedi palibe malo olembapo
kuti lero mwana waswa mawu amodzi.

Koma Lachisanu lapitali, ndili pasiteji
kudikira minibasi ya ku Limbe, malipiro asanalowe,
ndinamva wina akukoka chitenje changa.
Ndaziona, ndowa ili pamutu,
akuloza mpanda wa njerwa tsidya la msewu
umene waudutsa moyo wake wonse.

O. Sa. Ta. Ya.
Kondakitala akukuwa, njinga zamoto zikulira,
iye osatekeseka.
Zi. Nya. La. La.
Pa. No.

Anayang'ana zilembo zofiirazo,
anayang'ana mulu wa zinyalala pansi pake,
wotalika kufika m'chiuno, mbuzi ili pamwamba,
n'kuphulika nako kuseka
mpaka madzi a m'ndowa anamutayikira kumsana.

"Madamu, ndiye kuti onsewa satha kuwerenga?"

Minibasi inandisiya.
Lolemba ndimulembera mawu akuti chipiriro,
ndione kumene akayambire kuwatembenuza.