Kusambitsa Kefasi

Madzi a mu Juni kuno ku Dedza amaluma.
Ndawafunditsa pa mbaula ya mayi wa ku Bembeke
amene akudwazika mwana ku wodi ina;
malipiro ake, kachewere mutatu.

A nesi Nangondo athira mankhwala m'beseni,
kachivindikiro kamodzi, osapyola.
Fungo lake lolasa m'mphuno.
"Kuyambira m'khosi kutsika. Kumaso ayi, m'makutu ayi.
Kansalu kena m'khwapa, kena kumsana,
ndipo kamene kadutsa pathupi kasabwererenso m'madzi."

Ndafunsa: bala lili pamwendo,
nanga thupi lonseli lalakwanji?
Ati jekiseni wopha tizilombo ta pabalapo
sadziwa kusankha, ndi moto wa lupsa,
amapsereza ndi tabwino ta m'matumbo tomwe.
M'mimba mumatsala ngati nyumba yoguluka chitseko:
kalikonse kokwera pachala, pabulangete, pachitsulo cha bedi
kamalowa osaodira.
"Sindikulonjeza kanthu," atero, "tikungotseka mipata.
Ndi manja anuwo, sopo ndi madzi. Osati mwa apo ndi apo."

Bedi la pazenera lili lokha.
Panagona bambo wa ku Mayani wobwera ndi chifuwa.
Chifuwa chinayamba kumvera, m'mimba n'kutseguka,
masiku asanu ndi limodzi.
Lachiwiri mkazi wake anapinda zofunda
osayang'ana munthu.

Achimwene Kefasi, tukulani mkono.
Inu amene munkandikhula ndi mwala ku Linthipe,
ine ndikulira, inu mukuti mwamuna salira,
lero mwatembenukira kukhoma
kuti tisaonane m'maso.
Nthiti zanu ndikuziwerenga ndi kansalu.
Apa chipsera cha ekizozi,
apa pamene lamba ankamanga chuma cha kabaza,
tsopano khungu lokha, lopyapyala ngati pepala la lisiti.
Ndadutsa pakati pa zala za kumapazi, chimodzichimodzi,
ndalambalala bandeji,
ndafika kumene mng'ono safika,
tonse tili duu.

Musapukute, anatero, ziume zokha.
Ndiye mukunjenjemera, ine ndaimirira ndi chitenje cha alamu m'manja,
kunja nkhungu yameza phiri lonse.

"Madzi akowa ndi ozizira, iwe,"
mwadandaula.
Mawu anu oyamba chiyambire dzulo m'mawa.

Ndakhuthula beseni kumene anandilozera.
Ndasamba m'manja mpaka m'zigongono, kawiri.
M'thumba mwatsala kachewere musanu;
mawa ndikam'pempha mayi uja
kuti asafulumire kuphula.