Kapinga pa Nthaka Yopsa

Zaka khumi ndi zinayi ndikuyala kapinga ku Northcliff,
wobwera pa lole atakulungidwa ngati mkeka,
choncho pamene dokotala Pillay anajambula papepala
nati, tidzadula apa pantchafu, tidzasokera apa pakhosi,
sindinafunse za mpeni.
Ndinati, nanga nthaka yake?

Anavula magalasi.

Nthaka yake inapsa chaka chatha.
Masiku makumi atatu ndi atatu, Lolemba mpaka Lachisanu,
ndinkatsika takisi pa Bree kusanache,
kukwera chitunda cha Parktown, botolo la madzi kukhwapa,
kukagona pathabwa, nkhope itamangidwa m'chigoba cha ukonde,
makina akundizungulira, ng'iii, osandikhudza.
Moto wopanda utsi, wopanda phulusa.
Chotupa chinafota, tinathokoza.
Chinabweranso mu Malichi
ngati dawe amene unangomusenga pamwamba.

Moto uja sunasankhe.
Unawaula ndi timitsempha tomwe,
tija tochepa kuposa ulusi, tomwetsa khungu.
Khosi linauma gwa, chikumba choiwalidwa padzuwa.
Malovu anaphwa. Buledi ndimameza ndi tiyi, pang'onopang'ono.

Anandisoka maola khumi ndi limodzi.
Mtsempha anakaupempha mbali ina ya khosi
kumene cheza sichinafike,
monga ndimakokera paipi kwa aneba mpopi wathu ukauma.

Usiku wonse Sisitala Radebe, ola ndi ola,
kachitsulo konga cholembera akukagunditsa pachigamba:
fwuu, fwuu, fwuu,
mtsinje waung'ono ukudutsa pa mlatho wa ulusi.
Akadina ndi chala, pamayera mbuu,
tonse awiri kudikira,
kenaka mtundu n'kubwerera.
Kali moyo, amatero m'Chizulu, ndipo ndimamva.

Pakati panagwira.
M'mphepete ndiye ayi.
Sabata yachitatu msoko unayasama kunsi kwa khutu,
malo okwana njere ya dzungu, kumangokha madzi.
Ntchafu yopereka inapola kalekale, ikungoyabwa.
Khosi lolandira likuzengereza,
ngati mwininyumba wosowa chopatsa mlendo.

Zimenezi ndimazidziwa ine.
Kapinga safera pakati, amafera m'mizere
pokumana mkeka ndi unzake,
makamaka mu Juni, chisanu cha ku Joni chikadutsa.
Adona amafuna pabiriwire pofika Loweruka, kukubwera alendo.
Ndinkawauza kuti mizu siwerenga kalendala.
Lero akundiuza ine zomwezo, mwaulemu, ndi Chingerezi chachitali.

M'chipinda chathu ku Rosettenville
Yotamu wabisa machesi ngakhale fodya ndinasiya.
Amandiphikira mazira awiri, ati nyama imamanga nyama.
Nangondo ali ku Ntcheu, akufuna chithunzi.
Ndimajambula mbali inayo.

Dzulo pagalasi ndinaona tsitsi likumera pachigamba,
lopotana, lija la pantchafu.
Kachidutswa kameneka sikakudziwa kuti kanasamuka.
Ndinaseka mpaka msoko kukoka.
Ine ndemwe zinanditengera zaka zingati
kuleka kulota ndili pa Tsangano?

Lachinayi lililonse amamasula bandeji.
Sisitala amayeza ndi karula ka pepala,
amalemba, osanena kanthu.
Lero wanena: lachepa ndi mamilimita awiri.
Pansi pa bala payamba kufiira ngati mkati mwa gwafa.
Awiri okha? Awiri, atero, panthaka ngati iyi si ochepa.

Potuluka, pafupi ndi geti ya ambulansi,
wina wayala kapinga mothamanga,
mizere ili yasa, m'mbali mwayamba kufiirira.
Takisi ikuimba hutala, Bree, Bree, mmodzi.
Ndaima kaye.
Ndakankha ndi phazi mkeka kufupi ndi unzake,
ndaponda ndi chidendene, mofatsa, kutsata msoko wonse,
ndipo madzi otsala m'botolo langa,
amene ndimanyowetsera kukhosi,
ndathira theka.