Makiyi a Chipinda Chozizira

Makiyi a chipinda chozizira ndikadali nawo,
atatu, pa chingwe cha nsapato,
ngakhale m'chipindamo tsopano mumagona makatoni
ndi njinga ya mlonda.

Nditayamba ntchito pabungwe la ngongole, kuseri kwa msika wa Mangochi,
seva inali imodzi, yakuda, yolemera ngati matumba awiri a simenti.
Inabwera pa lole kuchokera ku Blantyre,
tinainyamula anthu anayi, Che Twaibu akutukwana masitepe.
Ndinaitcha Abiti Saizi.
Ndinkaidziwa ndi khutu:
ikalira mokoka, fumbi lalowa;
ikati zii, mtima wanga nawo zii.
Mu Okutobala, phula la mumsewu likamamata kuphazi,
mafani awiri onse anali ake,
ine thukuta kamukamu pakhomo.
Magetsi akathima usiku ndinkadzutsa wakabaza
kuti ndikakoke chingwe cha jenereta.
Lachisanu, ndisanapite kumzikiti,
ndinkakopera ndalama za anthu pa diski
n'kukaibisa kunyumba, m'chitini cha mabisiketi.

Kenako inafika nzeru yogawa makina amodzi kukhala asanu,
ngati mwininyumba wa kwa M'baluku
wodula chipinda ndi mabolodi:
alendi asanu, denga limodzi.
Likadontha, onse anyowa.

Chaka chimene madzi anafika m'mawondo mu ofesi,
akuluakulu anati tisamukire kumtambo.
Che Twaibu anasuzumira pawindo:
"Utiwo? Kuno ngakhale wa mvula umachita kunyengereredwa."
Mtambowo ndi nyumba ya eni, kudziko la eni,
khomo lake sindinalionepo.
Tinkabwereka makina amodziamodzi, ndi chala,
ena n'kuwaiwala akuyaka mwezi wathunthu ngati mpopi wosatseka.
Bilu inabwera m'madola.
Msungichuma anaiwerenga ataimirira, anaimaliza atakhala pansi.

Lero pali Asiyatu Mdoka, mwana wa ku Namwera.
Amalemba mizere makumi anayi, n'kudina kamodzi,
makina n'kubadwa, atavala kale.
Mapulogalamu amawalongedza m'makontena
monga amalonda amangira katundu wa ku Chiponde,
kulikonse akatsitsidwe, ndi yemweyo.
Makina akewo alibe maina, manambala okha.
Ena akadwala sawadikirira pamphasa,
amawazimitsa, ena n'kudzuka pomwepo.
Pakutha pa mwezi, aphunzitsi akalandira,
amachuluka okha ngati ngumbi mvula itagwa,
pofika usiku, balala, osatsanzika.
Akuti kutsogoloku sitidzabwerekanso makina,
tizidzangolipira mphindi imene ntchito yagwirika,
ngati ganyu.

Sindikudandaula.
Ndimagona tsopano. Foni siilira pakati pa usiku.
Msana unasiya kundikumbutsa masitepe aja.

Koma dzana chingwe chinaduka cha ku Liwonde.
Mzere unafika mpaka pa ogulitsa maembe,
amayi a ku Malindi atafumbata timabuku tawo,
ndalama zawo zili bwinobwino, kutali, kosafikika.
Onse anatembenukira kwa ine, wa imvi,
poti kale ndinkalowa m'chipinda n'kutuluka zitatheka.
Ndinapisa dzanja m'thumba.
Makiyi anati ngwe.

Asiyatu anaimba foni, anatipatsa nambala ya dandaulo,
anati tidikire.
Kenako anandifunsa, mwaulemu ndithu,
ngati m'chipinda chija muli malo
oti aziikamo njinga yake.