Mzere wa Mphepo

Ndinafika ndi dongosolo la zaka khumi m'chikwama,
masamba makumi asanu ndi limodzi,
chikuto chabuluu, chidindo cha boma chisanaume.
Msonkhano unali m'kalasi ya ana,
timipando tating'ono, maondo athu kugunda zibwano.
Kunja kwa zenera chigwa cha mchere chinali mbee,
chothobwa m'maso,
ndipo mzinda wa Oruro ndinausiya kumbuyo, maola asanu a fumbi.

Ndinawerenga mokweza:
msewu wa kinowa, nkhokwe ya kinowa,
makina otsukira kinowa, ngongole za alimi a kinowa.
Ndinaima kuti ndimwe madzi.

Wenceslao Ayaviri anakweza dzanja,
lija losowa chala chapakati
chimene lamba wa thirakitala anadya.
Anati, Mayi, m'masamba onsewo
mwatchula mbewu zingati?

Yankho ndinali nalo. Ndinayang'ana choko.

Anati, chaka chija mtengo unakwera ngati utsi
ndine ndinagaula busa la malama,
usiku wonse, nyali za thirakitala zili ngwee.
Tinazula zitsamba zomwe zinkagwira dothi m'chiuno.
Tinagulitsa ziweto, manyowa n'kupita nazo limodzi.
Anyamata anabwerako ku Chile ndi majekete achikopa,
aliyense ndi galimoto lake,
ndipo palibe anafunsa kuti nthaka yadya chiyani.
Mtengo utagwa, mphepo ya Ogasiti inabwera kudzalonjerera ngongole yake.
Inanyamula munda wanga
n'kukauthira padenga la tchalitchi.
Tsono ndionetseni, mu bajeti yanuyi,
mzere wa mphepo uli pati?

Nemesia Calizaya, wosunga buku la madzi,
sanakweze dzanja, sanasiyenso kuluka.
Anati chitsime chakumpoto chatsika mikono iwiri
chikwatibwire mwana wake wachiwiri.
Anati munda umafuna kugona zaka zitatu,
koma ukugonapo, mwini wake adya kwa yani?
Funso limenelo anandiponyera pamiyendo
ngati mwana wolira amene si wanga.

Ndinatembenuza masamba.
Kumbuyo kwake kunali koyera.
Mphunzitsi anandibwereka pensulo yolumidwa kumutu.

Tinalemba mpaka dzuwa kupendeka:
mipanda ya zitsamba m'malire a minda, ngakhale idye mizere iwiri;
malama abwerere, poyamba makumi anayi, a mudzi wonse;
ubweya, nyama yofutsa, mbatata zoumitsa ndi chisanu,
kuti chimodzi chikagwa china chikhale chiimire.
Mbewu zakale zija, yofiira, yakuda, ndi ina yowawa imene mbalame zimaikana,
zisungidwe m'mitsuko kuseri kwa bolodi.
Ndipo chaka cha mwanaalirenji
thumba limodzi pa makumi awiri litsekeredwe
kudikira chaka chimene sitikuchidziwa dzina.

Pa kiyi ndiye panavuta.
Wenceslao akuti asunge ndi komiti,
Nemesia akuti komiti ija inadya ndalama za pampu,
mawu n'kukwera, wina n'kumenyetsa chitseko.
Ndinalemba kuti maloko akhale awiri.
Palibe anakondwa. Palibe anafufuta.

Basi imanyamuka tambala asanalire.
Ndinakhala pawindo, chikwama pachifuwa, mapazi atachita dzanzi,
ndikuwerenga magetsi a nyumba zimene mukadali anthu:
zisanu ndi zinayi. Kale zinali makumi atatu.

Lolemba ku ofesi
kompyuta inandipatsa mabokosi ake:
misewu, milatho, ulimi, zina ndi zina.
La mphepo palibe.
Bwana anati pensulo si chikalata.
Ndinavomera, ndinakhala pansi
n'kuyamba kutaipa tsamba lakumbuyo loyamba,
ndipo pamene ndinalitambasula
mchenga wa munda wa Wenceslao unagwa pakati pa zilembo.
Mpaka lero batani la M limachita khwekhwe ndikalidina.